Ndani Anawagwira Apongozi Anga Pamasitepe Aja?

Nkhani iyi ndikaikamba pagulu, makamaka tikakhala amuna okhaokha tikudikira kuti mapemphero ayambe, sipalephera kupezeka wina wokweza nsidze ngati ndikumugulitsa mankhwala a chuma. Kwezani nsidzezo, palibe kanthu. Ondidziwa amadziwa kuti ndine wa mtima wapachala ndipo pakamwa panga palibe chotsekera, koma bodza lokha ayi, sindinadyerepo. Zimene ndikuuzenizi zinandichitikira ine mwini, masanasana, pakati pa mzinda wa Leicester, m'mimba muli tiyi yekha, ndipo ngakhale papita zaka zingapo, ndikangoyamba kuzikumbukira ubweya wa pamkono umaimirira. Maina sinditchula, ngakhale la tchalitchi chimene zinachitikiracho, chifukwa ena a inu ndimakudziwani, mukhoza kupita kumeneko ndi mabotolo a mafuta odzozera kukasowetsa anthu mtendere.

Ndakhala mumzinda uno zaka zambiri, koma ndinkaudziwa mmene khoswe amadziwira nyumba, njira zake zitatu basi: ya pokwerera basi ya shifiti yopita ku Corby, kumene ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba yosungiramo katundu, ya kumsika, ndi ya ku Belgrave kumene timagula ufa ndi nyemba kwa Amwenye. Za makoma akale ndi matchalitchi a miyala ndinkati ndi za azungu opuma pantchito. Munthu wochoka kunyumba kusanache n'kubwerako msana ukuwawa angakaonenji pakhoma logumuka?

Ndiye chaka chimenecho kunabwera apongozi anga, mayi wa akazi anga, kuchokera kwathu ku Ntcheu, kudzaonerera mwana wathu woyamba, wamkazi, akulandira digiri ku Loughborough. Apa ndifotokoze kaye, chifukwa ana obadwira kuno sazimvetsa, ndipo ena okulira m'tauni kwathu komwe anaziiwala. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Si chidani, ndi ulemu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pabanja ndi mwana wawo, ndinali ndisanawagwirepo chanza, ndisanadye nawo pamodzi, ndisanawayang'anepo m'maso. Kumudzi tikakumana panjira ndinkapatukira patchire n'kunjuta, moni n'kuperekera komweko. Tsono kuno, m'kanyumba kathu kothithikana kaja, kanjira ka pakati kokwana munthu mmodzi, zinkaoneka ngati sewero: ndikafuna kutuluka m'chipinda ndinkayamba ndatsokomola, iwo akamva n'kubwerera kukhitchini mpaka ndidutse. Ana ankafa nalo phwete, akumanong'onezana m'Chingerezi chawo chija kuti adadi ndi agogo akuchita chibisalirano. Ndinkawakalipira kuti chimene sakuchidziwa asamachiseke.

Mwana wathu uja, pofuna kuthokoza agogo ake, anabukitsa munthu woti atiyendetse m'chigawo chakale cha mzindawu, ifeyo tokha, osati m'gulu lija la alendo lolondola ambulera ya wowatsogolera ngati anapiye. Anthu otero amawatcha gaidi. Tinayenera kupita anayi. Koma tsikulo litafika, mwanayo anamuitana ku Nottingham kukayesedwa ntchito, akazi anga nawo anawaimbira foni kumene amasamalira okalamba kuti mnzawo wadwala, akagwire shifiti yake. Ndinatsala ine ndi apongozi. Ndinalusa, ndinamenyetsa kapu patebulo, ndinafunsa ngati anapangana kuti andichititse manyazi mwadala. Akazi anga anandizolowera. Anangoima pakhomo, yunifomu atavala kale, n'kundiuza kuti amayi awo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, bondo lakumanzere nalo limawakana mwadzidzidzi, choncho ndisawakweze masitepe alionse, ndipo madzulo ndiwabweze mmene ndawatengera. Ndinayankha mwamwano kuti sindine mwana woti nkuchita kumuuza kawiri.

Gaidiyo anali mzungu wachikulire, wamfupi, wowonda, wa chipewa chansalu, m'thumba la jekete lake mukulira makiyi. Anati kale ankaphunzitsa kusekondale. Apongozi Chingerezi sachimva, ndiye womasulira ndinali ine, ndipo mayendedwe athu anali otere: mdalayo pakati, ine mbali iyi, apongozi mbali inayo chakumbuyo pang'ono, ine ndikumasulira nditayang'ana khoma kapena nsapato zanga, iwo akuyankha atayang'ana kumwamba. Titayenda pang'ono mdalayo anandikokera pambali n'kundifunsa chapansipansi ngati ine ndi mayiwo tinayambana m'mawa. Ndinamuuza kuti za m'banja mwanga azisiye, akambe za miyala yake.

Koma miyalayo anaikambadi, abale anga, mpaka ine wamwano uja pakamwa panangoti yasa. Anatifikitsa pa chikhoma chachitali, chochindikala kuposa kutalika kwa bedi, cha miyala ndi njerwa zopyapyala zofiira zoyalidwa m'mizeremizere, n'kunena kuti anamanga ndi Aroma, Aroma omwe aja a m'Baibulo, ndipo pamalopo ankasambirapo madzi otentha. Apongozi, amene Baibulo amalidziwa kuposa abusa ena, anafunsa kawiri ngati ndamasulira bwino. Kenako anayandikira, anaika chikhatho pakhomalo, n'kunena kuti kwathu nyumba ya njerwa zowotcha ikangokulitsa ana yayamba kung'aluka, nanga awa dothi lawo ankapondera ndi chiyani? Mdalayo anationetsanso chidutswa cha njerwa chimene galu anapondapo chisanaume, phazi lake likuoneka bwinobwino ngati waponda dzulo. Apongozi anaseka mpaka misozi, ati kani agalu anayamba kalekale kuvuta oumba njerwa. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza kuti pamalo pamenepa ndadutsa pabasi kosawerengeka ndikuwodzera, osadziwa kuti ndikudutsa pa chinthu chimene chinaima kale pamene makolo a makolo athu anali asanafike kumene timati kwathu.

Tinapitanso pamalo pamene anafukula mafupa a mfumu ina ya dziko lino imene inafera kunkhondo, ndipo kwa zaka zambiri pamwamba pake anthu ankaimikapo magalimoto osadziwa. Apongozi anagwira pakamwa, amvekere magalimoto pamwamba pa mfumu, ndipo eni magalimotowo sanadwale? Nditamasulira, mdalayo anaseka n'kunena kuti funso limenelo palibe amene anamufunsapo.

Kenako tinalowa m'tchalitchi chija. Kunja kunali dzuwa koma m'katimo munkazizira ngati m'phanga, fungo la miyala yonyowa ndi makandulo, mizati yonenepa yoti anthu awiri sangaikumbatire, denga lili kutali ngati la dziko lina, kuwala kukulowera m'magalasi amitundumitundu n'kudzagwera pansi ngati nsalu zoyanikidwa. Ndipo pansi pomwepo, pamene tinkapondapo, panali manda. Miyala yaikuluikulu yolembedwa maina, zilembo zina zitafufutika ndi mapazi a anthu. Azungu ankangodutsapo osaganizako n'komwe. Apongozi ankayenda m'mphepete mwa mwala uliwonse, akunyamula mapazi ngati akuwoloka chithaphwi, akunong'ona kuti zikomo, zikomo, tidutse nawo. Ine amene m'tchalitchi chathu ndimaiwala kuzimitsa foni ndinapezeka ndavula chipewa ndekha.

Cholakwa changa choyamba chinachitikira pamenepo. Mdalayo anati iye ndi mmodzi wa oimba mabelu a tchalitchicho, choncho ali ndi kiyi wa nsanja, ndipo ngati tikufuna akhoza kutikweza pamwamba tikaone mzinda wonse, ngakhale masitepe ake ndi oposa zana. Mawu amenewo ndikanangowameza, ndani akanadziwa? Koma pakamwa panali patazolowera kumasulira, ndinangowatulutsa. Apongozi anati akwera. Ndinauza mzati umene ndinkauyang'ana kuti mwana wawo analetsa. Iwo anauza zenera limene ankaliyang'ana kuti mwana ameneyo anamubereka ndi iwo, si iye anabereka iwo, ndipo phiri la kuseri kwa mudzi wathu anayamba kulikwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu ine ndisanamere mano, komanso sanawoloke nyanja pandege kuti adzaone mapazi a nyumba. Mkamwini angatsutsane ndi apongozi? Ndinagonja.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Mdalayo anatsegula kachitseko kakang'ono pakona, n'kufotokoza mmene amakwezera alendo ake: iye amatsogola chifukwa loko wa chitseko cha pamwamba ndi wovuta, wofooka amakhala pakati, wamphamvu kumbuyo, sitepe imodzi yokha m'munsi mwake, dzanja lili chire pamsana pa wofookayo. Ndinasuzumira m'katimo. Masitepe ake opapatiza, okwana munthu mmodzi, ozungulira ngati chigoba cha nkhono, otsetsereka moti wakumbuyo nkhope yake imakhala pa akatumba a miyendo ya wakutsogolo. Ine, nkhope yanga pamiyendo ya apongozi, dzanja langa pamsana pawo? Ndinakana. Mdalayo anabwereza mofatsa kuti wakhala akukweza anthu chonchi zaka zambiri ndipo sanasinthepo. Apo mtima wanga uja unakwera. Ndinamuuza kuti iye amadziwa miyala, ine ndimadziwa anthu, asandiphunzitse poima pamaso pa apongozi anga, ndipo si zonse za ife zimene zinalembedwa m'mabuku ake. Mawu anga anamveka tchalitchi chonse, mayi wina amene ankakonza maluwa kutsogolo anatembenuka. Tinakangana nthawi ndithu. Apongozi, ataona manja anga akuuluka, anazindikira nkhani yake, n'kunena chapansipansi kuti akamwini atsogole, iwo abwera pambuyo pang'onopang'ono. Mdalayo anafiira nkhope, anayang'ana mayiwo, anayang'ana ine, kenako anagonja, ati tikwere mosathamanga ndipo mayiwo asataye chingwe cha m'mbali. Titalowa tonse atatu anakhoma kachitseko kaja m'kati, poti ndi lamulo lawo kuti wina asalowe pambuyo, kiyi n'kuponya m'thumba. Ndinaona ndi maso angawa.

Tinayamba kukwera, mdala patsogolo, ine pakati, apongozi pambuyo, kumbuyo kwawo kulibe munthu. Masitepewo anali okumbika pakati ngati mphero, miyala yolimba yodyeka ndi mapazi okha, ndipo ndinkadzifunsa kuti ndi anthu angati anaponda apa kuti mwala ufike potere? Kuwala kunkalowera m'timing'alu ta pakhoma, kwinako mdima. Ine, pofuna kusunga ulemu uja, ndinasiya mpata waukulu, moti apongozi anali kuseri kwa mzati wa pakati, sindinkawaona, ndinkangomva kupuma kwawo ndi kanyimbo ka m'tchalitchi kamene ankang'ung'udza.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti mdalayo anawerengera kuti tikhale titadutsa chipinda cha mabelu 12 koloko masana isanakwane, koma mphindi zakezo ndinali nditazidya ine ndi mkangano uja. Tili pafupi penipeni ndi chipindacho, belu lalikulu la wotchi ya pansanjayo linalira. Amene munangolimva muli pamsewu simukulidziwa. M'kati mwa nsanja silimveka m'makutu, limamveka m'chifuwa, m'mano, m'mawondo, khoma lonse likunjenjemera. Litalira kachitatu ndinamva apongozi akufuula kuti mayo, kenako nsapato ikugubuduka m'masitepe, kho, kho, kho, kutsika, kutsika, mpaka osamvekanso. Ndinadikira kumva thupi likutsatira nsapatoyo. Silinamveke.

Ndinatsika modumpha, ndinazungulira mzati uja, ndipo zimene ndinaona ndidzafa nazo. Apongozi anali atagwa chagada, koma osafika pansi. Zidendene zokha ndizo zinali m'mphepete mwa sitepe, phazi limodzi lopanda nsapato, chingwe atachitaya, manja onse ali m'mwamba, msana uli m'malere pamwamba pa masitepe otsikira kumdima, mutu utapendekeka ngati wa mwana amene watsamira pachifuwa cha munthu wamkulu. Musandiuze kuti anatsamira khoma. Panali kamng'alu ka kuwala pomwepo, ndipo kuwalako ndinkakuona kukudutsa pakati pa msana wawo ndi khomalo. Ine ntchito yanga ndi yonyamula katundu, ndimadziwa mmene chinthu cholemera chimaimira ndi mmene chimagwera. Munthu saima chonchija. Ngakhale thumba la chimanga siliima chonchija.

Tsopano ndikuuzeni chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinatambasula manja, koma anaima panjira. Zaka makumi awiri ndi zitatu zosawakhudza zinandigwira m'zigongono. Belu linalira kamodzi, manja anga ali m'malere. Linaliranso kachiwiri. Pamenepo apongozi anatsegula maso n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni, koyamba chikwatirireni mwana wawo, ndipo ndi mawu ofatsa, ngati akundituma madzi akumwa, anati ndifulumire kuwagwira chifukwa bambo akumbuyowa atopa.

Ndinawagwira m'mikono yonse iwiri. Nditangowagwira, kulemera kwawo konse kunabwera pa ine nthawi imodzi, ngati mmene zimakhalira mukanyamula chinthu awiri mnzako n'kuchisiya osakuuza. Kusanachitike zimenezo anali opepuka ngati palibe, kenako mwadzidzidzi ngati mwala. Anatsala pang'ono kundikokera kumdima konko, koma mdala uja anali atafika kumbuyo kwanga, anandigwira lamba n'kukhala pansi pasitepe ndi mphamvu zake zonse zaukalamba. Tinagwerana atatu pamenepo, ine apongozi ali pachifuwa panga, belu likumaliza kulira.

Kutakhala zii, mdalayo anati pamwamba ndi pafupi kuposa pansi, kwatsala masitepe ochepa, mayiwo akapume mpweya wabwino. Ulendo uno sanachite kundiuza poima. Ndinadzipanikiza kukhoma, ndinadutsa apongozi mapewa akukhudzana, n'kuima kumbuyo kwawo, sitepe imodzi m'munsi, chikhatho changa pamsana pawo. Kumbuyo kwanga tsopano ndiko kunali mdima uja. Sindinacheuke. Mungandipatse chiyani kuti ndicheuke? Msana wanga wonse unachita tsembwe kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

Titatulukira pamwamba, mphepo inatiwomba kumaso, ndipo ndinaima kakasi. Mzinda wonse unali pansi pathu: madenga ofiira osatha, nsanja za matchalitchi ena, mtsinje ukunyezimira, mabasi ngati tizilombo, njiwa zikuuluka m'munsi mwathu osati pamwamba, kutali uko minda yobiriwira ndi timapiri. Misewu imene ndinkaidziwa ngati yosokonekera ndinaiona kuti ili ndi dongosolo lake, yakale yokhotakhota pakati, yatsopano yowongoka kunja, ngati mtengo umene ukukula chaka ndi chaka. Apongozi anakhala pansi atatsamira kampanda ka miyala, anameza piritsi lawo, anayang'ana zonsezo nthawi yaitali, n'kunena kuti Mulungu ali ndi anthu ambiri.

Kenako anayang'ana kachitseko kamene tinatulukira n'kufunsa kuti nanga bambo ena aja sakutuluka bwanji, akufuna awathokoze. Iwo ankaganiza kuti ndi mnzake wa gaidi amene analowa pambuyo pathu. Nditamasulira, mdalayo anangopisa m'thumba n'kutulutsa kiyi uja, kumuika pachikhatho kuti tonse timuone. Apongozi sanatekeseke. Anati kiyi kapena ayi, munthu analipo. Anati belu litalira bondo linawakana, chingwe chinawapulumuka, anamva akupita chagada, ndipo anagwera pachifuwa cha munthu. Dzanja limodzi linawagwira pakati pa mapewa, lina m'nthiti, manja akuluakulu, okhakhala ngati a munthu wogwira miyala, ndipo ankanunkha thukuta, njereza ndi bulangete lonyowa. Ankapuma mwamphamvu m'khosi mwawo, akuchita kaphokoso kaja kamene munthu amachita potonthoza ng'ombe yoopa kuwoloka mtsinje. Chakumapeto manja akewo anayamba kunjenjemera, n'chifukwa chake anandiuza kuti ndifulumire.

Ndinamasulira zonsezo. Mdalayo anavula chipewa, anakhala pansi pafupi ndi apongozi, n'kunena kuti iye sakhulupirira zoterezi, wakwera nsanja imeneyi kuyambira ali mnyamata ndipo sanaonepo kanthu kapena kumvapo nthano iliyonse ya malowo, mwina jekete la mayiwo linakodwa pa chitsulo chimene chimagwira chingwe. Ndinasangalala kumva zimenezo, ndinkafuna zikhale choncho. Tinaliyang'ana jeketelo, linali la akazi anga, loterera lija, silinang'ambike paliponse, ngakhale ulusi umodzi wosololoka. Pamsana pake panali fumbi loyera, koma ndisakunamizeni, makoma a m'nsanjamo nawo ndi afumbi, jekete langa lomwe linali loyera m'mapewa.

Choopsa chinali chakuti njira yotsikira inali yomweyo, ina kunalibe. Mdalayo anatsogola ndi tochi, ine ndinatsika chafutambuyo, nditayang'anana ndi apongozi, manja awo ali m'manja mwanga, sitepe imodzi imodzi ngati ndikuphunzitsa mwana kuyenda. Titafika pamalo paja mdalayo anawalitsa tochi pakhoma kufunafuna chitsulo chake chija. Chinalipo, koma masitepe atatu pamwamba pa pamene mapazi awo anali, malo oti jekete silikanafikako. Anazimitsa tochi. Apongozi anandiuza kuti ndiwasiye manja pang'ono ndiwagwire m'zigongono. Anawerama mmene bondo linawalolera, anaomba m'manja katatu mwaulemu, kuomba kwa mphako kuja, n'kunena molunjika kumdimako kuti zikomo eni malo, ife ndife alendo, sitidziwa makhalidwe a kuno, mwatisunga. Palibe chimene chinayankha. Koma ine, bambo wa ana atatu, misozi inkatsika, ndipo mzungu wosakhulupirira uja anaima chipewa chili pachifuwa mpaka mayiwo atamaliza. Nsapato tinakaipeza pansi penipeni, pafupi ndi kachitseko, chili chokhoma mmene anachisiyira.

Panja ndinamupepesa mdalayo, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti mawu amenewo satuluka wamba pakamwa panga. Iye anati naye analakwa kugonjera munthu chifukwa choti akukuwa.

M'basi pobwerera ndinkangoganiza za akazi anga. Ndinkafuna kupempha apongozi kuti tisanene, koma ndikanayambira pati? Iwo sanandipatse mpata. Madzulo chakudya chitapsa, ine ndikunyamula mbale yanga kuti ndikadyere kuchipinda chochezera monga mwa masiku onse, anandiitana kuti bambo, khalani pompano, munthu amene wandinyamula pachifuwa ndimuthawirenso chiyani? Ana anasiya kutafuna. Ndiye anafotokoza zonse iwo eni, n'kudziikira mlandu wa kukwera, koma za kukana kwanga kuima kumbuyo ndinanena ndekha, chifukwa iwo anazilumpha. Akazi anga anadzuka, anawagwiragwira amayi awo m'mutu, m'mikono, m'bondo, kenako anandiyang'ana. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anakhala masiku atatu osandilankhula, ndipo sindinawadandaule. M'mawa mwake tinawatengera mayiwo kwa dokotala, sanawapeze ndi vuto lina kupatula mikwingwirima m'mikono, mmene ndinawagwira ine. Pamsana ndi m'nthiti panalibe kanthu. Anabwerera kwathu nthawi yawo itakwana, ndipo mmene ndikulemba pano ali moyo, akulima dimba lawo, akaimba foni amayamba afunsa ine.

Anthu andiuza zambiri. Mkulu wa mpingo wathu anati anali mngelo, ine ndinamufunsa kuti mngelo amatopa kodi, amanunkha thukuta? Mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi ku Corby anati iwe mudala, uyo ni muntu anafela pa nchito yomanga, akali pa shifiti. Mwana wanga wa digiri uja akuti munthu akachita mantha ubongo umaona zimene kulibe, ndipo ndinamuyankha kuti ubongo wa agogo ake ndi wanga sungaone bodza limodzi nthawi imodzi, komanso ubongo sunyamula munthu. Ine sindikudziwa kuti anali ndani, ndipo ndasiya kufuna kudziwa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti malo akale ngati amene aja si mabwinja opanda eni, ndipo eni akewo, kaya ndi otani, sanafunse kuti mayi wakuda uyu wachokera kuti, mapepala ake ali kuti, anangoona munthu akugwa. Ndimakhulupiriranso kuti pasitepe paja panali payenera kuima ine. Mwambo wathu ndi wabwino, sindikuunyoza, anaupanga kuti apongozi alemekezeke. Koma tsiku lija sindinkasunga apongozi, ndinkasunga nkhope yanga, ndipo ntchito imene ndinaikana anaigwira wina.

Ndiye inu amuna anzanga amene makolo akubwera kudzakuonani kuno, atengeni akaone mzindawu, muli zinthu zoti munthu uvule chipewa. Koma wodziwa malo akakuuzani poima, imani pomwepo, mkwiyo wanu mukauthere kunyumba. Ngati ndi kumbuyo kwa apongozi, imani kumbuyo kwa apongozi, maso yang'anani masitepe, dzanja likhale pamsana pawo. Musadalire kuti kumdimako kuli wina woti akugwirireni. Wa tsiku lija anandidikira belu likulira kawiri konse, manja ake akunjenjemera, ndipo sindikudziwa ngati akanatha kudikira kachitatu.